Matayala a mpikisano kapena a pamsewu: mmene ndimasankhira a galimoto yanga ya 4x4

Tsiku limene ndinayamba kugwira tayala la mpikisano ndi manja anga, ndinakanikiza chala chachikulu pa dzino lake limodzi, chikhadabo n'kulowa ngati ndakanikiza labala yofufutira pensulo. Nditachotsa chala, kachipsera kanatsalapo kanthawi kasanafafanizike. Timiyala ndi mchenga zinali zitamatirira kale pa mano ake ngakhale tayalalo linali lisanavekedwepo ku galimoto, anangoligubuduza pansi basi. Masiku angapo m'mbuyomo ndinali nditaona galimoto yovala matayala otere ikukwera thanthwe pang'onopang'ono ngati buluzi, popanda gudumu ngakhale limodzi kuzungulira pachabe, pamene yanga pa thanthwe lomwelo inkangokanda n'kubwerera chambuyo. Ndinagula anayi.

Pa miyala anandichitiradi zimene ndinkafuna. Koma galimoto yanga si ya pa miyala pokha. Ndi yomweyo imene imandipititsa ku ntchito, imanyamula ana ndi katundu, ndipo kuti ndikafike kumiyalako ndimayamba ndayenda pa tala kwa maola. Sipanapite miyezi yambiri, mano a matayala aja anali atadyeka mosafanana, ena atatsika mbali imodzi ngati chidendene cha nsapato yakale, ndipo phokoso lake linkatilepheretsa kucheza m'galimoto. Tsiku lina m'mawa kukugwa mvula ndinaponda buleki pa mphambano, galimoto n'kuterereka kukaima patali ndi pamene ndinkafuna. Palibe amene anavulala. Koma mtima sunakhale m'malo tsiku lonselo, chifukwa kumbuyo kunali ana. Tayala silinalakwe, ngakhale amene anandigulitsa sanalakwe. Linapangidwira ntchito ina, ine n'kulipatsa ina.

Kuchokera nthawi imeneyo, munthu akandifunsa kuti agule matayala ati, sindiyamba ndi mayina a matayala. Ndimayamba ndi kope ndi cholembera.

Werengani kaye makilomita anu

Kwa mwezi wathunthu, lembani paliponse pamene galimoto yanu yaponda: makilomita angati pa tala, angati pa msewu wafumbi ndi wamiyala ing'onoing'ono, angati m'matope enieni, mumchenga, kapena pa matanthwe. Musalembe zimene mumalakalaka, lembani zimene zachitika. Ine nditachita zimenezi ndinapeza kuti pa makilomita 10 aliwonse, oposa 9 anali a pa tala ndi pa msewu wafumbi wabwinobwino. Matanthwe amene ndinagulira matayala anayi aja sankakwana ndi kilomita imodzi yomwe pa 100. Vuto lathu ambiri n'lakuti timakumbukira kwambiri tsiku limodzi lija tinatitimira m'matope mpaka kukokedwa, n'kuiwala masiku mazana amene tinayenda pa tala kukugwa mvula. Ndiye timagula tayala la tsiku limodzi lija.

Mukatha kuwerenga, dzifunseni funso limene kwa ine ndi lalikulu kuposa onse: galimoto yanu imakafika bwanji kumene mumakasewerera? Ngati imakwezedwa pa ngolo n'kukokedwa ndi galimoto ina mpaka pamalopo, tayala la mpikisano lili ndi malo ake m'moyo wanu. Ngati imayenda yokha kuchokera pakhomo, kudutsa m'tauni, kulowa msewu waukulu, kenako n'kubwereranso madzulo mutatopa, ndiye kuti tayala lanu liyenera kukhala lodziwa tala choyamba, miyala pambuyo.

Mitundu yake

Matayala amene galimoto zambiri za 4x4 zimabwera nawo kuchokera ku fakitale ndi a H/T, opangidwira msewu wosalala. Salira, satha msanga, sadya mafuta, koma m'matope amadzaza nthawi yomweyo n'kusanduka ngati mbiya yosalala. Pa iwo sindichulutsapo gaga.

A/T, kapena kuti all-terrain, ndi amene ndimawatcha a pamsewu m'nkhani ino. Mano ake ndi akuluakulu kuposa a H/T koma ndi oyandikana, ndipo mukawayang'anitsitsa mudzaona timing'alu topyapyala todulidwa pa dzino lililonse. Timing'alu timeneti, totchedwa sipes, ndi timene timapangitsa tayala kugwira pa tala wonyowa, chifukwa timatseguka dzino likaponda pansi n'kupereka nsonga zambiri zodula kamadzi kamene kali pakati pa tayala ndi msewu. BFGoodrich All-Terrain T/A KO2, Falken Wildpeak A/T3W ndi Toyo Open Country A/T ndi ena mwa odziwika a m'gulu limeneli.

M/T, mud-terrain, ali ndi mano akuluakulu otalikirana. Mipata ikuluikuluyo ili ndi ntchito: gudumu likamazungulira, matope amathothoka okha n'kusiya dzino lili poyera kuti lilumenso. Mano ena amatsikira m'mbali mwa tayala kuti lizigwira mukalowa m'ngalande zosiyidwa ndi galimoto zina, ndiponso kuteteza khoma la tayala ku miyala yakuthwa. BFGoodrich Mud-Terrain T/A KM3 ndi Nitto Trail Grappler ndi zitsanzo. Amenewa ndi ololedwa pa msewu, koma mumalipira m'njira zina: amalira, amalemera, amamwetsa galimoto mafuta ambiri, ndipo pa tala wonyowa galimoto imachedwa kuima poyerekeza ndi ya ma A/T. Pakati pa awiriwa pali R/T, amene pakati pake pamafanana ndi A/T koma m'mapewa mwake muli ngati M/T.

Tsopano a mpikisano. Anthu ambiri amaganiza kuti tayala la mpikisano ndi M/T yolusa kwambiri basi, koma si choncho. Kusiyana kwakukulu sikuli pa mano, kuli pa labala yeniyeniyo. Matayala okwerera matanthwe, amene eni masewerawa amawatcha ma sticky kutanthauza omata, amapangidwa ndi labala yofewa kwambiri imene imapindika n'kulowa m'timabowo ndi m'timabampu ta mwala m'malo mongoterera pamwamba. N'chifukwa chake amagwira pamene tayala wamba limangozungulira. Koma chofewa chilichonse chimadyeka msanga. Tala wotentha amadya labala yotereyi ngati tupa, ndipo mukamathamanga imatentha kwambiri, mano n'kuyamba kunyenyeka. Kampani imodzi ikhoza kupanga tayala limodzimodzi la mitundu iwiri: mwachitsanzo BFGoodrich Krawler T/A KX ili ndi mtundu wololedwa pa msewu komanso mtundu wa mpikisano umene anthu amautcha Red Label, ndipo Maxxis Trepador nayonso ili ndi mtundu wa labala ya mpikisano. Mukaziona patali simungasiyanitse. Muyenera kuwerenga zolembedwa m'mbali ndi kufunsa bwinobwino.

Palinso matayala a mipikisano ya m'chipululu, monga imene imachitika pa Baja 1000 ku Mexico kapena Dakar Rally, imene kuyambira mu 2020 ikuchitikira ku Saudi Arabia. Amenewa ntchito yake ndi ina: kupirira kumenyetsedwa pa miyala galimoto ikuthamanga kwambiri, choncho makoma ake ndi okhuthala ndi olimba zedi. Ndipo pali mpikisano wa King of the Hammers ku Johnson Valley, m'chigawo cha California, umene umaphatikiza zonse ziwiri, liwiro la m'chipululu ndi kukwera matanthwe. Zithunzi za kumeneko n'zimene zimatikopa ambirife. Chimene zithunzizo sizionetsa ndi gulu la anthu lodikirira ndi matayala atsopano panjira. Woyendetsa wa mpikisano safuna tayala loti likhale zaka zinayi, amafuna loti limufikitse pa mzere womaliza lero. Inu ndi ine tilibe gulu limenelo, ndipo tayala lathu liyenera kutibweza kunyumba sabata ino ndi chaka chamawa.

Werengani khoma la tayala

Musanalipire, gwadani pansi, pukutani fumbi m'mbali mwa tayala ndi dzanja, muwerenge. Zonse zimene mukufuna kudziwa zalembedwa pamenepo.

Choyamba funani zilembo za DOT, zimene zimasonyeza kuti wopanga akutsimikiza kuti tayalalo likukwaniritsa malamulo a pamsewu a ku United States, kapena chilembo cha E chili m'kabwalo pamodzi ndi nambala, chimene ndi cha malamulo otsatiridwa ku Europe ndi m'mayiko ena ambiri. Mukaona zilembo za NHS, kapena mawu onena kuti ndi la mpikisano basi, dziwani kuti wopanga yekha wanena kuti tayalalo si la pamsewu wa anthu onse. Pamenepa sipofunika kukangana. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma taganizirani mutachita ngozi mutavala tayala limene mwini wake analembapo kuti lisayende pa msewu: a inshulansi adzagwada pomwe mwagwada inupo n'kuwerenga zomwezo. Palinso zilembo za POR pa matayala ena olusa kwambiri. Amenewa amaloledwa pa msewu kumene malamulo a ku Europe amagwira ntchito, koma liwiro lake silipitirira makilomita 160 pa ola, ndipo ndi opangidwira kwenikweni kunja kwa msewu.

Kumapeto kwa mzere wa DOT kuli manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene tayala linapangidwa. Mukaona 2321 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2021. Zimenezi n'zofunika kwambiri pa matayala amene sagulidwa kawirikawiri, chifukwa akhoza kukhala m'nyumba yosungiramo zaka zingapo akuoneka atsopano. Labala imakalamba ngakhale isanayende. Opanga ambiri amalangiza kuti tayala likakwanitsa zaka 5 liziunikidwa chaka chilichonse, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale mano akadalipo.

Pafupi ndi saizi mudzaona nambala ndi chilembo, monga 121Q. Nambalayo ikunena kulemera kumene tayala limodzi lingasenze: 121 ndi makilogalamu 1,450, 112 ndi makilogalamu 1,120. Chilembocho ndi liwiro: Q ndi makilomita 160 pa ola, R ndi 170, S ndi 180, T ndi 190. Musatsike pansi pa nambala ya kulemera imene wopanga galimoto yanu analemba pa kapepala kamene kamamatidwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala. Ndipo kumbukirani kuti galimoto ya kuthengo siyenda yopanda kanthu. Bampala yachitsulo, winchi, denga lonyamulira katundu, madzi, mafuta apadera, zonsezi zimakhala pa matayala anayi omwewo.

Ngati saizi ikuyamba ndi LT, tayalalo lili ndi thupi lolimba kuposa la galimoto zing'onozing'ono, ndipo mudzapezanso chilembo C, D kapena E. Pakale zilembozi zinkaimira nsalu 6, 8 ndi 10 za m'kati mwa tayala. Masiku ano sizitanthauza kuti nsaluzo zilimodi zochuluka choncho, zimangonena mphamvu yofanana nayo. Apa ambiri amathamangira E poganiza kuti cholimba kwambiri ndiye chabwino. Pa galimoto yolemera yosenza katundu n'zoona. Pa galimoto yopepuka, tayala la E limauma ngati thabwa, kabampu kalikonse kamakufikani m'msana, ndipo mukaphwetsa mpweya silifutukuka bwino chifukwa galimoto ilibe kulemera kolikanikiza. Kwa galimoto yaing'ono, C nthawi zambiri imagwira bwino kuthengo kuposa E.

Chinanso ndi chilembo R m'kati mwa saizi, chimene chimaimira radial. Matayala ena a mpikisano ndi a kapangidwe kakale kotchedwa bias, kamene nsalu zake zimapingasana kuchokera mlomo wina wa tayala kukafika mlomo wina. Makoma ake ndi ovuta kuboola, n'chifukwa chake okwera matanthwe amawakonda. Pa tala ndi nkhani ina. Anga aja anali otere, ndipo m'mawa kukazizira ankadzuka ataphwatalala pamene anagonera usiku, moti makilomita oyamba galimoto inkanjanja ngati magudumu ndi a makona anayi, mpaka atenthe. Ankatsatiranso mng'alu uliwonse wa mumsewu, chiwongolero osachisiya ndi pang'ono pomwe, ndipo kuwabalansa kunali kovuta kwa amakaniko onse amene ndinapitako. Ngati galimoto yanu imaponda tala sabata iliyonse, tengani radial.

Msampha wa saizi

Munthu akaganiza zosintha mtundu wa tayala, nthawi yomweyo amaganizanso zokulitsa. Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa tayala la 265/65R17, nambala 265 ndi kufutukuka kwake m'mamilimita, 65 ikunena kuti kutalika kwa khoma ndi 65 peresenti ya kufutukukako, ndipo 17 ndi limu m'mainchesi. Lonse kuchokera pansi kufika pamwamba ndi pafupifupi mamilimita 776. La 285/70R17 ndi pafupifupi mamilimita 831. Kusiyana kwake ndi mamilimita 55, koma galimoto imangokwera ndi theka lake, pafupifupi mamilimita 27, chifukwa ekiselo ili pakati pa gudumu. Mamilimita 27 amenewo ndi enieni ndipo amathandiza, poti ndi tayala lokha limene limakweza difu, chibokosi cha magiya chimene chili pa ekiselo pakati pa magudumu awiri, kuchoka pansi pa galimoto ya ekiselo yolimba. Masipiling'i aatali amangokweza thupi.

Koma onani zimene mukulipira. Tayala latsopanolo ndi lalikulu ndi pafupifupi 7 peresenti, choncho sipidomita imene inali yolondola ikamaonetsa 100, inu mukuthamanga pafupifupi 107. Giya iliyonse yatalika ndi 7 peresenti yomweyo: galimoto imadzuka mwaulesi, pa mtunda imafuna giya yotsika, ndipo pa giya yokwawira imathamanga pang'ono kuposa kale, chimene ndi chosiyana ndi zimene mumafuna pa miyala. Mabuleki ali ndi ntchito yoimitsa gudumu lalikulu ndi lolemera. Ndipo mukapinda chiwongolero mpaka kumapeto gudumu lili pamwamba pa mwala, tayala likhoza kukhula thupi la galimoto. Matayala a mpikisano ambiri amayambira pa mainchesi 35, 37 kupita m'mwamba. Kuti galimoto wamba iwavale pamafunika kusintha magiya a m'madifu, kulimbitsa maekiselo, nthawi zina kudula thupi. Choncho mtengo wa matayalawo ndi chiyambi chabe.

Pali mfundo ina imene sindinaimve kwa aliyense ndisanagule. Tayala likamaterera pang'ono limateteza galimoto. Mphamvu ya injini ikachuluka, imathawira pa kuzungulira kwa gudumu. Tayala lomata silithawitsa mphamvu imeneyo: lagwira mwala, injini ikukankha, ndiye chinachake pakati pawo chiyenera kugonja. Kawirikawiri chimagonja ndi shafti kapena CV joint, mfundo yopindika imene imafikitsa mphamvu ya injini ku gudumu, makamaka gudumu likadumpha m'mwamba likuzungulira n'kutera mwadzidzidzi pa mwala wouma. Galimoto za mpikisano zinamangidwa kuti zipirire zimenezo. Yanu, ngati ili mmene inachokera ku fakitale, sinamangidwe choncho.

Mpweya: chinthu chaulere chimene ambiri sanayesepo

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa zambiri zimene anthu amafuna ku tayala la mpikisano angazipeze pa tayala limene ali nalo kale.

Nditabwerera ku ma A/T, mnzanga wina wodziwa bwino zinthuzi anandiimitsa m'munsi mwa chitunda cha miyala n'kundifunsa kuti m'matayala mwanga muli mpweya wochuluka bwanji. Munali 35 psi (psi ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya m'tayala), wa pa tala. Anatulutsa geji m'thumba, n'kugwada, n'kuyamba kuphwetsa. Ndinaima pambali ndikuyang'ana khoma la tayala likutupa pang'onopang'ono m'munsi ngati mimba. Atafika pa 18 anandiuza kuti ndiyendetse pang'ono mpaka gudumu lakutsogolo likwere pa mwala wofanana ndi chibakera, kenako nditsike ndione. Tayala linali litaumeza mwalawo. M'malo moima pamwamba pake ngati mpira wouma, linaukuta mbali zonse, mano akutsogolo ndi akumbuyo kwa mwala akugwirabe pansi. Chitunda chimene ndinkachilephera ndinachikwera osakanda.

Chimene chimachitika n'chakuti mukachepetsa mpweya, gawo la tayala loponda pansi limatalika kutsogolo ndi kumbuyo, mano ambiri n'kugwira ntchito nthawi imodzi. Mumchenga ndiye kusiyana kwake kumadabwitsa: galimoto imayandama m'malo mokumba. Ndipo mumchenga A/T kawirikawiri imachita bwino kuposa M/T, chifukwa mano akuluakulu amakumba dzenje mofulumira mukangowonjezera moto. Ine pa msewu wafumbi wamabampu ndimatsitsa kufika cha m'ma 26 mpaka 28 psi, pa miyala ndi mumchenga cha m'ma 16 mpaka 20. Amenewa ndi manambala a galimoto yanga ndi katundu wanga. Yolemera kwambiri ifunika mpweya wochulukirapo. Ngati geji yanu imawerenga bar, 1 bar ndi pafupifupi 14.5 psi.

Pali malire ake. Chimene chimagwiriza mlomo wa tayala ku limu ndi mpweya womwewo. Mukatsitsa kwambiri n'kukhota mwamphamvu, tayala limavuka pa limu, mpweya wonse n'kutuluka kamodzi. A mpikisano amagwiritsa ntchito malimu otchedwa beadlock, okhala ndi mkombero wachitsulo womangidwa ndi mabawuti ambiri umene umapana mlomo wa tayala, ndiye amatha kutsika pansi pa 10 psi osaopa. Apa mukuona kuti tayala la mpikisano siliyenda lokha, limafuna limu lake, ndipo malimu amenewa mabawuti ake amafuna kuwunikidwa pafupipafupi, komanso m'madera ena saloledwa pa msewu. Ndi malimu wamba, ine sinditsika pansi pa 15 pokhapokha nditatitimira mumchenga ndikufuna kungotulukamo.

Choncho musanagule tayala lililonse latsopano, gulani geji yabwino ndi kompuresa yaing'ono yolumikiza ku batire. Pitani pamalo pamene mumalephera paja, phwetsani, yesaninso. Mukalepherabe, ndiye tikambe za matayala.

Ndiye musankhe chiyani?

Ngati kope lanu likuonetsa tala ndi fumbi, ndipo kuthengo mumapita mwa apo ndi apo, tengani A/T ya LT yokhala ndi khoma lolimba, pa saizi ya fakitale kapena yokulirapo pang'ono. Anthu ambiri amene amandifunsa ali m'gulu limeneli, ngakhale sakonda kumva choncho. Ngati kumene mukukhala kumagwa chipale chofewa, funani kachizindikiro ka phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kanyenyezi ka chipale m'kati. Ma A/T ambiri ali nako, ma M/T ambiri alibe.

Ngati matope ndi gawo la ntchito yanu, moti miyezi ingapo pa chaka mumayenda m'dothi lomata limene limatseka mano a A/T, M/T yololedwa pa msewu ndi yanu. Ilandireni ndi zofooka zake: kukagwa mvula siyani mpata waukulu pakati pa inu ndi galimoto ya kutsogolo, ndipo chepetsani liwiro pa ngodya.

Ngati mukulowadi m'mipikisano, kapena muli ndi galimoto imene ntchito yake ndi matanthwe basi ndipo imayenda pa ngolo, gulani a mpikisano ndi mtima umodzi, mudzasangalala nawo. Koma yambani mwawerenga malamulo a mpikisanowo, chifukwa magulu ena amalola matayala a DOT okha, ena amaika malire a saizi.

Ovutika ndi amene ali pakati, ofuna galimoto imodzi ichite zonse. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo tayala limodzi silingakhale lofewa pa mwala n'kukhalanso lolimba pa tala. Njira yoona yokha imene ndikuidziwa ndi kukhala ndi magulu awiri a matayala, lililonse pa malimu ake: a pamsewu a masiku onse, a mpikisano ongovala mukafika pamalo kapena tsiku la masewera. Poyamba zimaoneka zodula, koma a mpikisano aja amakhalitsa chifukwa tala sakuwadya, ndipo a pamsewu sakung'ambika pa miyala. Pamafunika jeke wabwino, malo osungira, ndi kuleza mtima kosintha magudumu anayi kawiri pa ulendo. Osavalawo muziwasunga pamthunzi, pozizira, kutali ndi mafuta, chifukwa dzuwa ndi kutentha zimaumitsa labala yofewa, kumata kuja n'kutha tayala likadali ndi mano onse.

Chimene ndikukupemphani kuti musachite ndi kusakaniza, monga awiri olusa kumbuyo ndi awiri a pamsewu kutsogolo. Pa galimoto ya 4x4 magudumu onse anayi amafunika kukhala ofanana kukula, apo ayi magiya ogawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo amakhala akulimbana okhaokha. Ndipo pa tala wonyowa, galimoto imene kutsogolo kukugwira kumbuyo kukuterera imatembenuka musanadziwe chimene chachitika. Sipeya nayonso ikhale ya saizi ndi mtundu womwewo. Mukakulitsa matayala, onani ngati sipeya yatsopano ikukwana pamalo pake pansi pa galimoto musanachoke kogulako.

Mukawagula

Mano akuluakulu amadyeka mosafanana akakhalitsa pamalo amodzi, ndipo akangoyamba kutero phokoso silibwereranso m'mbuyo. Sinthanitsani malo a matayala pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 aliwonse, ma M/T ngakhale msanga kuposa apo, ndipo lowetsani sipeya m'kasinthasinthayo kuti onse asanu azitha limodzi. Mukamenya mwala mwamphamvu, kaunikitseni alayimenti. M'mayiko ambiri malire a lamulo a kuya kwa mano ndi mamilimita 1.6, koma tayala la kuthengo limasiya kugwira m'matope ndi pa madzi kalekale lisanafike pamenepo, choncho musadikire mpaka lifike pa malire.

Pobwera kuthengo ndimazungulira galimoto ndikusisita khoma la tayala lililonse ndi dzanja, kunja ndi m'kati momwe, kufunafuna podulidwa kapena potupa. Chotupa m'mbali chimatanthauza kuti nsalu za m'kati zaduka, ndipo tayala lotero silikonzeka. Ndimachotsanso timiyala topanikizika m'mipata ndi sikuludilaiva, n'kuyang'ana ngati matope auma m'kati mwa malimu, chifukwa amanjenjemeretsa chiwongolero mukafika pa liwiro.

Kenako ndimapopa. Izi sindizengereza nazo ngakhale kutada kapena anzanga akufulumira, chifukwa tayala lophwa likamathamanga pa tala khoma lake limapindikapindika n'kutentha mpaka kuwonongeka m'kati, kunja likuoneka labwinobwino, n'kudzaphulika tsiku lina. Ndimaima pamene fumbi lathera tala asanayambe, injini ili yoyaka kuti batire isathe, n'kubweza tayala lililonse pa mpweya wake wa pamsewu. Popeza matayala amakhala akadali otentha ndipo geji imawerenga mokwererapo, m'mawa mwake ndimayezanso onse anayi atazizira, galimoto isanatuluke pakhomo.